Mabuku a Anthu Osaŵerenga—Kodi Zithunzithunzi za pa Guwa Zinaphunzitsanji?

1. Kodi nchiyani chimene anthu anaona pa guwa la nsembe lina la mu Florence mu 1423?

M'MWEZI wa May 1423, wojambula zithunzithunzi wotchedwa Gentile da Fabriano analemba dzina lake ndi chakacho mmunsi mwa ntchito imene anali atangoimaliza mumzinda wa Florence, ku Italy. Chinali chithunzithunzi chojambulidwa pamatabwa, cha mamita pafupifupi atatu m'litali ndi m'mimba momwe, ndipo chinaimikidwa pamwamba pa guwa la nsembe m'chipinda chopemphereramo cha banja la Strozzi m'tchalitchi cha Santa Trinita. Pamene makandulo anayatsidwa, golidi wa pazisoti zachifumu, pamalaya, ndi pazingwe za akavalo anali kung'anima. Woonerera anaona mafumu atatu akudza kudzagwadira khanda Yesu, ndipo kumbuyo kwawo kunali namtindi wa anyamata, akavalo, mbalame, galu wamkulu, ngakhale apusi.

2. (a) Kodi nchifukwa ninji zithunzithunzi zinaonedwa monga mabuku? (b) Kodi ndi funso lotani limene likubuka?

2 Anthu wamba ambiri a m'nthaŵiyo sanali ataŵerengapo Uthenga Wabwino wa Mateyu. Mabaibulo anali okopedwa pamanja, okwera mtengo, ndipo ochuluka a iwo anali m'Chilatini. Baibulo loyamba losindikizidwa m'Chitaliyana linatuluka mu 1471. Zaka mazana asanu ndi atatu Gentile asanakhaleko, Papa Gregory I anali atalembera kalata bishopu wa ku Marseille amene anali kuswa zifaniziro za m'matchalitchi. Papayo anavomereza kuti zifanizirozo siziyenera kulambiridwa, komabe anaumirira kuti zisawonongedwe, popeza kuti chithunzithunzi chinali kuchitira munthu wosaŵerenga chimene malembo amachitira woŵerenga. Lingaliro limenelo linabwerezedwa kwa zaka mazana ambiri. Koma ngati zithunzithunzizo zinalidi mabuku, kodi zolembedwamo zinali zofanana ndi za m'Malemba?

Chimene Chinaima Kumbuyo kwa Wansembe

3, 4. Kodi ndimotani mmene chithunzithunzi cha pa guwa chinakhalira chofunika, ndipo ndani anachilipirira?

3 Mu 1215, Msonkhano Wachinayi wa pa Lateran unatsimikizira chiphunzitso chakuti pa Misa mkate ndi vinyo zimasandulika kukhala thupi ndi mwazi weniweni wa Kristu. Wansembe anali kuimirira patsogolo pa guwa atafulatira anthu, ndiyeno anali kunyamula mkatewo m'mwamba kuti onse auone. Chimene maso a olambira anaona kumbuyo kwa mkate wokwezedwawo chinali chithunzithunzi. Chotero ntchito yake sinali chabe kukongoletsa nyumbayo. Chinafotokoza tanthauzo la mwambowo, ndipo chinasonyeza woyera mtima amene guwalo linapatulidwira. Ulemu umene chinapatsidwa unali waukulu. Pa June 9, 1311, pamene Duccio anamaliza chithunzithunzi chachikulu cha Mariya cha m'tchalitchi chachikulu cha Siena, masitolo anatsekedwa, mabelu analizidwa, ndipo ansembe ndi akuluakulu a mzindawo anachiperekeza m'makwalala ndi makandulo oyaka.

4 Amene analipirira ntchito zoterozo anali mabanja olemera, timagulu ta amisiri, ndi nyumba za amonke. Mapangano olembedwa kaŵirikaŵiri anali kutchula golidi woti agwiritsiridwe ntchito ndiponso mtundu wa utoto wabuluu. Wabwino koposa unali kupangidwa mwa kusinja mwala wa lapis lazuli wokumbidwa m'mapiri a dziko limene tsopano likutchedwa Afghanistan, ndipo mtengo wake unali kupikisana ndi wa golidi. Utoto umenewo kaŵirikaŵiri unasungidwira chofunda cha Mariya. Motero mtunduwo unanena zinthu ziŵiri panthaŵi imodzi: kukwezeka kwa Mariya ndi kukula kwa thumba la wolipirayo. Ambiri a opereka ndalamawo analinso ndi nkhaŵa ina. Iwo anakhulupirira kuti Misa zochitidwa pa guwa lawolo zikafupikitsa nthaŵi imene miyoyo yawo ikazunzika m'purigatoriyo.

Pamene Thabwa Linakhala Ngati Zenera

5. Kodi ndi masinthidwe aŵiri ati amene anachitika m'kajambulidwe kuchiyambi kwa zaka za zana la 15?

5 Ojambula akale anali kumata golidi kumbuyo konse kwa anthu ojambulidwawo, kusonyeza kuti iwo anali m'malo akumwamba opanda mitengo, nyumba, kapena mthunzi. Munthu wolemekezeka anajambulidwa wamkulu, wapansi wamng'ono. Kuchiyambi kwa zaka za zana la 15, m'nyengo imene pambuyo pake inatchedwa Renaissance, zimenezi zinayamba kusintha. Mu Florence, mmisiri wa zomangamanga Filippo Brunelleschi anasonyeza kuti ngati mizera yonse yoloŵa mkati mwa chithunzithunzi ikumana pamalo amodzi, diso limanyengedwa ndi kuona kuya pamene pali thabwa lafulati, monga momwe njanji ziŵiri zimaonekera ngati zakumana chapatali. Leon Battista Alberti analemba malamulo a njirayo m'buku mu 1435. Panthaŵi imodzimodziyo, kumpoto, m'chigawo cha Flanders, ojambula anakulitsa luso la kusanganiza utoto ndi mafuta mmalo mwa dzira. Utoto wamafuta umauma pang'onopang'ono ndipo ukhoza kupakidwa mopyapyala, wina pamwamba pa unzake, kotero kuti munthu angajambule kuŵala kwa ngale, ubweya wa malaya, ndi tsitsi limodzilimodzi.

6, 7. (a) Kodi Masaccio anajambulanji mu Santa Maria Novella? (b) Kodi luso lokulirapo linabala vuto lotani?

6 Cha m'ma 1427, mnyamata wa zaka zosafika 30 wotchedwa Masaccio anagwiritsira ntchito njira ya Brunelleschi pakhoma la tchalitchi cha Santa Maria Novella mu Florence. Khomalo linaoneka ngati labooka, ndipo mkati mwake munaoneka chipinda cha denga lokhota. M'chipindamo muli Yesu atapachikidwa, nkhunda pamwamba pa mutu wake, ndi mwamuna wachikulire wa ndevu ataimirira kumbuyo, akuchirikiza mtandawo ndi manja ake. Mwamunayo akuimira Mulungu Atate. Iye sali chiphiphiritso chongoyerekezera, monga dzanja lotulukira mumtambo limene ojambula akale ankagwiritsira ntchito. Ali ndi mapazi, ndipo waponda pamalo olimba.

7 Panopa mpamene pali nkhani yaikulu. Pamene luso linakula, mphamvu ya chithunzithunzi ya kukhutiritsa maganizo inakulanso. Munthu woyang'ana golidi wafulati anadziŵa kuti akuona chizindikiro. Munthu woyang'ana chipinda cha Masaccio anadzimva monga mboni yoona ndi maso. Komabe, Mose anakumbutsa Aisrayeli kuti pa Horebe anamva mawu koma sanaone maonekedwe alionse, ndipo anawauza kuti chimenecho ndicho chinali chifukwa chosapangira chifaniziro cha mwamuna kapena cha mkazi. (Deuteronomo 4:12, 15, 16) Mtumwi Yohane analemba kuti palibe munthu anaonapo Mulungu, ndipo Paulo anauza Aatene, anthu odziŵa bwino ntchito za luso, kuti Mulungu sayenera kulingaliridwa kukhala wofanana ndi chinthu chosemedwa mwa luso ndi maganizo a munthu.—Yohane 1:18, Machitidwe 17:29, yerekezerani ndi Yesaya 40:18, 25.

Mafumu Amene Mateyu Sanatchule

8. Longosolani zina za zizindikiro za m'chithunzithunzi cha Gentile.

8 Chithunzithunzi cha Gentile cha mu 1423 chimasonyeza bwino lomwe mmene mwambo unaloŵerera m'nkhani ya Baibulo. Mfumu yokalamba yavula chisoti chake, yagwada pansi, ndipo ikupsompsona phazi la khandalo, limene laika kadzanja kake padazi la nkhalambayo. Mfumu yachiŵiri, ya msinkhu wapakati, ikuŵerama ndi kuyamba kuvula chisoti. Yachitatu, yachinyamata, yaimirira, pamene mnyamata wake akumasula zitsulo zofulumizira kavalo kuchidendene chake. Misinkhu itatuyo inaimira moyo wonse wa munthu. Kumbuyo kwa Mariya kuli akazi aŵiri amene akupenda mphatso yoyamba, monga momwe akazi amachitira ndi katundu wa paukwati. Chapafupi pali phanga, ng'ombe, ndi bulu. M'mikombero yagolidi yozinga mitu ya Mariya ndi Yosefe muli zilembo zotsanzira Chiarabu, zimene ojambula a ku Italy anaziona pansalu ndi mbale zamtengo wapatali zochokera Kum'maŵa.

9, 10. (a) Kodi cholembedwa cha Mateyu chimasiyana motani ndi chithunzithunzicho? (b) Kodi zowonjezerazo zinachokera kuti?

9 Tsopano tsegulani Mateyu chaputala 2. Alendowo sakutchedwa mafumu. Liwu lachigiriki limene Mateyu anagwiritsira ntchito, magoi, linali kunena za openda nyenyezi ndi omasulira maloto a Kum'maŵa, ntchito imene Chilamulo ndi aneneri sanaiyanje. (Deuteronomo 18:10-12, Yesaya 47:13, 14) Chiŵerengero chawo sichikutchulidwa, zitatu ndizo mitundu ya mphatso, golidi, lubani, ndi mure. Iwo anapeza mwanayo m'nyumba, osati m'phanga kapena m'khola. Ndiponso, Herode atafunsitsa za nthaŵi imene nyenyeziyo inaonekera, analamula kupha ana aamuna a zaka ziŵiri ndi ocheperapo, zimene zikusonyeza kuti panali patapita nthaŵi chibadwire Yesu. (Mateyu 2:1, 7, 11, 16) Ulendo umene chithunzithunzicho chikuusonyeza monga chikondwerero unathera m'kulira kwa amayi a ku Betelehemu.

10 Nanga zinazo zinachokera kuti? Zisoti zachifumu zinadza mwa kugwirizanitsa nkhaniyo ndi Salmo 72:10, 11 ndi Yesaya 60:3, 6, malemba amene Mateyu, wokonda kwambiri kusonyeza maulosi okwaniritsidwa, sanawagwire mawu pankhaniyi. Phanga ndi mzamba zikupezeka m'buku la m'zaka za zana lachiŵiri lotchedwa Uthenga Woyambirira wa Yakobo, limene silili mbali ya Malemba ouziridwa. Ng'ombe ndi bulu zinatengedwa pa Yesaya 1:3, vesi limene kwenikweni limadzudzula Israyeli kaamba ka kusadziŵa Mbuye wake. Maina akuti Caspar, Melchior, ndi Balthasar anatulukira zaka mazana angapo pambuyo pa atumwi, ndipo mu 1164 mafupa onenedwa kukhala a amuna atatuwo anasamutsidwa ku Milan kumka ku Cologne, kumene anakopa apaulendo wachipembedzo ambirimbiri. M'chithunzithunzi cha Gentile mafumu onse atatu ngoyera khungu. Mfumu yakuda, imene ambiri mu Afirika amaidziŵa pamakadi a Krisimasi, inayamba kufala m'zithunzithunzi chapakati pa zaka za zana la 15, pamene atatuwo anatengedwa kukhala oimira Ulaya, Asiya, ndi Afirika. Lingalirolo nlokoma, koma nalonso silili la Mateyu.

11. Kodi nchifukwa ninji olemera a mu Florence anakonda nkhani imeneyi?

11 Sikovuta kuona chifukwa chake nkhaniyi inakondedwa ndi amalonda. Inali nkhani ya m'Mauthenga Abwino imene olemera anafika kwa Kristu atanyamula chuma chawo nalandiridwa. Palla Strozzi, amene analipirira ntchitoyo, anapezeka kukhala wolemera koposa onse mu Florence pakalembera wa msonkho wa mu 1427, ndipo ambiri amakhulupirira kuti iye ndiye mwamuna wogwira mbalame yosakira nyama amene waima kumbuyo kwa mfumu yachinyamata. Mu 1434 adani ake a banja la Medici anampitikitsa mumzindamo, ndipo anafera ku Padua. Pambuyo pake a Medici nawonso anajambulidwa monga mafumu omwewo. Pakati pa golidi yenseyo, nkosavuta kuiŵala kuti pamene Yosefe ndi Mariya anapita ndi Yesu kukachisi anapereka mbalame ziŵiri, nsembe imene Chilamulo chinaloleza kwa awo amene sakanatha kupeza nkhosa.—Levitiko 12:8, Luka 2:22-24.

Duŵa, Kandulo, ndi Msampha wa Makoswe

12. Kodi chithunzithunzi cha Mérode chikusonyeza motani kucheza kwa Gabrieli kwa Mariya?

12 Ojambula a ku Flanders anatenga njira ina. Mmalo mwa kukweza nkhaniyo kumka kumwamba, iwo anaitsitsira m'nyumba. Chitsanzo chotchuka ndicho chithunzithunzi chaching'ono cha matabwa atatu chotchedwa Mérode, chimene chinajambulidwa cha pakati pa 1427 ndi 1432 m'nyumba yogwirira ntchito ya Robert Campin mumzinda wa Tournai, ndipo chinagulidwa mu 1956 kaamba ka nyumba yosungiramo zinthu zakale ya The Cloisters mu New York. Chinapangidwira kupemphera kwa panyumba. Pathabwa lapakati mngelo Gabrieli waloŵa m'chipinda chochezera cha banja lopeza bwino la ku Flanders, mmene muli tebulo, benchi yaitali, ndi malo osonkhapo moto. Mariya akuŵerenga buku ndipo sanamuonebe mlendoyo. Palibe mkombero wagolidi pamutu wa aliyense. Pathabwa lakumanzere, mwamuna ndi mkazi ovala zovala za m'zaka za zana la 15 agwada pakhomo lotseguka, akusuzumira chochitika cha ku Nazarete monga ngati chikuchitikira m'nyumba ya mnansi.

13, 14. (a) Kodi zinthu wamba za m'chipindamo zinapatsidwa matanthauzo otani? (b) Kodi ndi chiphunzitso chiti chimene zizindikiro zoterozo zinachirikiza?

13 Pafupifupi chiŵiya chilichonse m'chipindamo chafotokozedwa kukhala ndi tanthauzo. Maluŵa oyera a kakombo mumtsuko wa patebulo amaimira chiyero cha Mariya. Mphika wamkuwa wa madzi ndi thaulo lopachikidwa pambali pake zimakumbutsa za kusamba m'manja kwa wansembe pa Misa. Kandulo ya patebulo yangozima kumene, ndipo utsi wake ukali kukwera. Ena amati kuunika kwa padziko kwazilala pamaso pa kuunika kwa Mulungu; ena amati Mulungu wabisa ulemerero wake mwa kukhala munthu; enanso amangoona mphepo ya kufika kwa mngelo. Kusagwirizana kumeneku nkodzutsa maganizo. Ngati akatswiri amene athera moyo wawo wonse akupenda thabwa limeneli sakumvana ponena za kandulo imodzi, kodi mlimi kapena woomba nsalu wosaŵerenga akanaŵerengamo chiyani? Chizindikiro chimalankhula kokha kwa munthu amene anauzidwa kale chimene chimanena. Chotero buku la osaŵerengalo linafunikirabe womasulira, ndipo womasulirayo anali wansembe.

14 Pazenera lozungulira lakumanzere pakuloŵa cheza cha kuunika, ndipo pachezapo pakuuluka kamwana kamaliseche kosenza mtanda, kolunjika kwa Mariya. Galasi la zeneralo silinasweke. Alaliki a m'nthaŵiyo ankafotokoza kuti monga momwe kuunika kumapyolera pagalasi popanda kuliswa, momwemonso Mariya anakhalabe namwali. Zizindikiro zina zofala, monga munda wotchingidwa ndi mpanda ndi chipata chotsekedwa, zinatengedwa pa Nyimbo ya Solomo 4:12 ndi Ezekieli 44:2 kuti ziphunzitse kuti iye anakhala namwali kwa moyo wake wonse. Kaamba ka chifukwa chimodzimodzicho Yosefe anajambulidwa monga nkhalamba, mogwirizana ndi buku la Yakobo lotchulidwa poyamba lija. Malemba amanenadi momveka kuti Mariya anali namwali pamene anatenga pathupi pa Yesu mwa mphamvu ya mzimu woyera. (Luka 1:34, 35) Koma Mateyu amasonyeza kuti kudziletsa kwa Yosefe kunali kwa kufikira mwanayo atabadwa, ndipo anthu a ku Nazarete anatha kutchula maina a abale anayi a Yesu ndi kunena za alongo ake.—Mateyu 1:25, 13:55, 56.

15. Kodi msampha wa m'nyumba ya Yosefe unatanthauzanji?

15 Pathabwa lakumanja Yosefe ali pantchito yake ya ukalipentala, akuboola thabwa. Pabenchi yake pali kachipangizo kamene ambiri amakazindikira kukhala msampha wa makoswe, ndipo kena kaikidwa pazenera poyang'ana kumsika. Mu 1945 katswiri wina, Meyer Schapiro, anagwirizanitsa misamphayo ndi ulaliki wa Augustine, amene anayerekezera mtanda ndi msampha wotchera Mdyerekezi, nyambo yake ikumakhala imfa ya Kristu. Fanizolo nlochenjera, ndipo aliyense amene anatcherapo diŵa angalimve msanga. Komabe, Malemba samafotokoza imfa ya Yesu monga machenjera opusitsira Satana. Amaitcha dipo, mtengo wolingana ndi chimene Adamu anataya.—Mateyu 20:28, Aroma 5:18, 19, 1 Timoteo 2:5, 6.

16. Kodi mkulu wa mabishopu wa Florence anadandaula za chiyani?

16 Sikuti ndi otsutsa a pambuyo pake okha amene anaona vutoli. Antoninus, amene anali mkulu wa mabishopu wa Florence kuyambira mu 1446 kufikira imfa yake mu 1459, analemba kuti ojambula anali ndi liwongo pamene anajambula zinthu zosemphana ndi chikhulupiriro. Iye anatchula Utatu wojambulidwa monga munthu mmodzi wa mitu itatu, kamwana koumbika kale kotumizidwa m'mimba mwa Mariya, azamba a m'mabuku osavomerezedwa, ndi zinthu zosapindulitsa monga apusi ndi agalu othamangitsa akalulu. Mpambo wakewo ukumveka ngati wa munthu amene waona zithunzithunzi zonga za Gentile ndi Campin. Koma chidzudzulo chake chinali pa zolakwa za ojambula. Sichinafike pa funso lakuti kaya chithunzithunzi chinayenera kuima pa guwa nkomwe.

Mwanawankhosa wa ku Ghent

17, 18. Longosolani chithunzithunzi cha ku Ghent chitatsekedwa ndiponso chitatsegulidwa.

17 Ntchito yaikulu koposa ya nyengoyo kumpoto kwa Ulaya ili m'tchalitchi chachikulu cha St. Bavo mumzinda wa Ghent, ku Belgium. Mawu olembedwa pafelemu yake amanena kuti Hubert van Eyck anaiyamba, mbale wake Jan anaimaliza, ndi kuti inaperekedwa pa May 6, 1432. Ili ndi zitseko zopinda, zimene zinali kukhala zotseka masiku wamba ndi kutsegulidwa pamasiku a phwando. Kunja kwa zitsekozo, mmunsi, kwagwada wamalonda Joos Vijd ndi mkazi wake Elisabeth Borluut, amene analibe ana ndipo analinganiza kuti Misa idzichitidwa pa guwalo tsiku ndi tsiku kaamba ka miyoyo yawo. Pamwamba pawo pali Gabrieli ndi Mariya. Mawu a mngelo alembedwa ndi golidi kuchokera pakamwa pake, koma yankho la Mariya lalembedwa chadodolido, kuti liŵerengedwe kuchokera kumwamba. Pamwamba penipeni pali aneneri Zekariya ndi Mika, ndipo pakati pawo pali akazi aŵiri olosera a chipembedzo chachikunja cha Agiriki ndi Aroma, amene tchalitchi chinati nawonso analosera za Kristu.

18 Zitseko zitatsegulidwa, panaoneka matabwa 12 a mitundu yoŵala. Pamwamba, pakati, pakhala munthu wovala zofiira ndi chisoti cha nsanjika zitatu chonga cha papa; kufikira lerolino akatswiri amatsutsana kaya ameneyo ndi Atate kapena Mwana. Kumalekezero kwaima Adamu ndi Hava, ojambulidwa mosabisa kanthu, phazi la Adamu likuoneka ngati latulukira kunja kwa felemu. Hava wagwira chipatso cha mtundu wa ndimu, osati apulo, ngakhale kuti Genesis samatchula mtundu wa chipatsocho. Mmunsi muli dambo lobiriŵira, lodzala ndi mitundu yambirimbiri ya zomera zimene odziŵa zomera amatha kuzitchula maina. Magulu a anthu akudza kuchokera kumbali zonse: aneneri, atumwi, apapa, mabishopu, anamwali ofera chikhulupiriro, oweruza, ankhondo okwera pa akavalo, ndi apaulendo otsogozedwa ndi chimphona Christopher, amene phwando lake Tchalitchi cha Katolika chinalichotsa pa kalendala yake ya padziko lonse mu 1969. Patsogolo pali kasupe, ndipo pakati pa zonsezo paimirira Mwanawankhosa.

19. Kodi wojambulayo anawonjezeranji pamasomphenya a Yohane, ndipo kodi kalata ya kwa Ahebri imanenanji?

19 Zambiri za zimenezi zinatengedwa m'masomphenya a Yohane a Mwanawankhosa wooneka ngati wophedwa, khamu lalikulu lochokera m'mitundu yonse, ndi madzi a moyo. (Chivumbulutso 5:6, 7:9, 10, 22:1) Komabe, pali kusintha kumodzi kofunika kwambiri. Mwanawankhosa wa van Eyck waimirira pa guwa la nsembe la tchalitchi, ndipo mwazi ukutuluka m'chifuwa mwake ndi kuthira m'chikho chagolidi, chofanana ndi chimene wansembe wamoyo anali kunyamula mmunsi mwa chithunzithunzicho. Wolambira anaona zikho ziŵiri, chojambulidwa ndi chenicheni, ndipo anamva phunzirolo popanda mawu: mwazi ukali kutsanulidwa, pa guwa lino, lero. Kalata ya kwa Ahebri imagogomezera zosiyana. Imasiyanitsa ansembe amene amaimirira tsiku ndi tsiku kupereka nsembe zimodzimodzizo ndi Kristu, amene anapereka nsembe imodzi kamodzi kokha ndiyeno anakhala pansi kudzanja lamanja la Mulungu.—Ahebri 9:25-28, 10:11-14.

20. Kodi Baibulo limatsutsa ntchito zonse za luso? Fotokozani.

20 Zimenezi sizikutanthauza kuti luso lili loipa mwa ilo lokha. Yehova anapatsa Bezaleli nzeru ya kusula ndi kusema, ndipo panali akerubi agolidi pa likasa la chipangano. (Eksodo 25:18-20, 31:1-5) Koma akerubiwo anali m'Malo Opatulikitsa, mmene mkulu wa ansembe yekha analoŵa kamodzi pachaka, ndipo mtunduwo sunali kusonkhana patsogolo pawo kuti uwagwadire. Njoka yamkuwa inapangidwa molamulidwa ndi Mulungu, komabe pamene anthu anayamba kuifukizira zonunkhira, Mfumu Hezekiya anaiphwanya. (Numeri 21:8, 9, 2 Mafumu 18:4) Malire anali pa kugwadira ndi kutumikira. (Eksodo 20:4, 5) Papa Gregory anaika malire ofananawo m'kalata yake, koma anali malire ovuta kusunga pamene chithunzithunzi chinaimikidwa pamalo enieni amene mawondo onse anapindikira, makandulo anayakira, ndi zofukiza zinafukira.

21. Kodi mphunzitsi wa Baibulo angathandize motani munthu amene anaphunzira nkhani za m'Baibulo pazithunzithunzi?

21 Chimene diso laona chimakhalitsa m'maganizo kuposa chimene khutu lamva. Munthu angaŵerenge Mateyu 2:1-12 mofuula ndi kukhalabe wotsimikiza kuti waŵerenga za mafumu atatu m'khola, chifukwa chakuti chithunzithunzi cha paubwana wake chimadzaza mipata imene cholembedwacho chasiya. Mphunzitsi wanzeru samaseka munthu woteroyo kapena kunyoza chithunzithunzi chopachikidwa pakhoma la nyumba yake, chimene mwinamwake anasiyiridwa ndi amayi ake. Mmalo mwake, amampempha kuŵerenganso ndimeyo pang'onopang'ono ndi kufunafuna yekha chiŵerengero cha alendowo, malo amene analoŵa, ndi dzina limene akutchedwa nalo. Imeneyo ndiyo njira imene anthu a ku Bereya anayamikiridwa nayo, pamene anapenda ngakhale mawu a mtumwi mwa kuwayerekezera ndi Malemba.—Machitidwe 17:11, 2 Timoteo 2:24, 25.

22, 23. Kodi nchiyani chinachitikira chithunzithunzi cha ku Ghent m'zaka mazana otsatira?

22 Mu August 1566, magulu a Aprotesitanti okwiya analoŵerera matchalitchi a ku Flanders akumaswa zifaniziro. Matabwa a van Eyck anapulumuka chifukwa chakuti anabisidwa m'nsanja ya tchalitchicho. Mu 1794 asilikali a France anatengera matabwa apakati ku Paris. Mu 1934 thabwa la oweruza linabedwa usiku, ndipo limene lili pamalo pake ndi lojambulidwa motsanzira. Mkati mwa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, a Nazi anabisa chithunzithunzicho mumgodi wa mchere ku Altaussee, mu Austria, kumene chinapezedwa mu 1945.

23 Ntchito yochiyeretsa imene inayamba mu 2012 inavumbula chinthu chimene ambiri sanachiyembekezere. Mbali zazikulu za chithunzithunzicho zinali zitapakidwanso utoto ndi ojambula ena m'zaka za zana la 16, ndipo nkhope yofatsa ya nkhosa imene mibadwo yambiri inaiyang'ana sinali ya van Eyck. Pamene utoto wapamwambawo unapalidwa ndipo thabwalo linasonyezedwanso kwa anthu kuchiyambi kwa 2020, panaonekera nkhope ina, ya maso oyang'ana kutsogolo monga a munthu, openyetsetsa woonerera. Ena anachita nayo chidwi, ena anaiseka. Mu 2021 chithunzithunzicho chinasamutsidwira m'chipinda china cha tchalitchi chomwecho ndi kuikidwa m'bokosi lalikulu lagalasi, mmene kutentha ndi chinyontho zimapimidwa ndi makina, ndipo alendo amagula matikiti kuti akachione.